Wilbur Wright, Mmisiri wa Ndege Yoyamba

Ana a ku Malingunde, ku Mitundu ndi ku Nathenje, monganso ana a madera ena a m'Malawi, ndi akatswiri popanga zoseweretsa. Chimanga chikakololedwa, anyamata amatola mapesi, nawasenda, napanga magalimoto ndi tindege. Ena amapinda mawaya, enanso amaumba ndi dongo. Ndege yeniyeni ikamadutsa m'mwamba kulowera ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, onse amaleka masewera nayang'ana kumwamba. Kenaka mwina wina amayang'ana kandege kake ka mapesi, nadzifunsa chimene chikukaletsa kuuluka.

Funso longa lomweli lidavutitsa mnyamata wina wa ku America m'chaka cha 1878. Dzina lake adali Wilbur Wright. Atakula, iye pamodzi ndi mng'ono wake Orville adapanga ndege yoyamba ya injini imene idauluka itanyamula munthu, ndi kumvera woiyendetsa.

Banja la a Wright

Wilbur adabadwa pa 16 Epulo 1867 pafupi ndi mudzi wa Millville, m'chigawo cha Indiana, m'dziko la United States of America. Iye adali mwana wachitatu. Akulu ake adali Reuchlin ndi Lorin. Mng'ono wake Orville adabadwa m'chaka cha 1871, ndipo mlongo wawo Katharine adabadwa m'chaka cha 1874.

Bambo ake, a Milton Wright, adali mbusa, ndipo pambuyo pake adakhala bishopu. Ntchito yawo inkawayendetsa maulendo ataliatali, motero banja lawo lidasamuka kangapo. M'nyumba mwawo mudali mabuku ambiri, ndipo ana ankalimbikitsidwa kuwerenga ndi kufunsa mafunso. Mayi ake, a Susan, adali mwana wa mmisiri wopanga ngolo. Ali mtsikana ankaonerera bambo awo akugwira ntchito, nayenso naphunzira kugwira zipangizo. Iwo ankakonza okha ziwiya za m'nyumba ndi kupangira ana awo zoseweretsa. Chinthu chikawakanika anyamata kupanga, ankathamangira kwa mayi awo.

Kachidole kouluka

Tsiku lina m'chaka cha 1878, pamene banjali linkakhala mumzinda wa Cedar Rapids, a Milton adabwera kunyumba atabisa kanthu m'manja. Wilbur ndi Orville asadaone bwino kuti n'chiyani, bambo awo adakaponya m'mwamba. Anyamatawo ankayesa kuti kagwa pansi, koma kanthuko kadakwera mpaka kudenga, kadaphiriphitha pamenepo kwa kanthawi, kenaka kadatsika. Nthawiyi Wilbur adali ndi zaka 11.

Kachidoleko kadali kotalika masentimita 30 okha. Kadapangidwa ndi nsungwi, pepala ndi kamtengo kopepuka konga kotsekera mabotolo. Kadali ndi zikupizo zimene zinkazungulira ndi mphamvu ya mphira wopota. Nzeru yopanga tizidole totere idachokera kwa Alphonse Pénaud wa ku France. Anyamatawo adakatcha mleme, ndipo adasewera nako mpaka kadathyoka.

Kadathyoka, iwo sadakataye. Adakayang'anitsitsa, napanga kawo kofanana nako, ndipo kadauluka. Tsono adaganiza kuti ngati kakang'ono kakuuluka chotero, chachikulu chidzauluka koposa. Adapanga china chokulirapo, kenaka china chachikulu kuposa pamenepo. Adadabwa kuona kuti chidole chikamakula, kuuluka kwake kunkacheperachepera. Adagwa mphwayi, nabwerera ku masewera a kaiti.

Chifukwa chake adachidziwa atakula. Munthu akafuna kuumba njerwa yoposa inzake kawiri m'litali, kawiri m'lifupi ndi kawiri mumsinkhu, dothi la njerwa ziwiri silimukwanira. Amafuna dothi la njerwa 8, pakuti 2 kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi 2, yankho lake ndi 8. Ndi mmenenso zilili ndi chidole chouluka. Chikakuzidwa kawiri mbali zonse chimalemera kasanu ndi katatu, pamene mapiko ake amakula kanayi kokha. Chinthu chachikulu chimafuna masamu akeake. Phunziro limeneli lidamuthandiza Wilbur moyo wake wonse.

Zaka za chisoni

Kusukulu Wilbur adali wanzeru ndiponso wodziwa masewera. M'chaka cha 1884 banja lawo lidasamukira mumzinda wa Dayton, m'chigawo cha Ohio. Makolo ake ankafuna kumutumiza ku sukulu ya ukachenjede ya Yale, koma ngozi idasokoneza zonse. Kudziko kumeneko nthawi yachisanu madzi a m'nyanja amaundana nkuuma gwa, ndipo achinyamata amasewerapo mpira womenya ndi ndodo zokhota. Wilbur ali ndi zaka 18, mnzake wina adamumenya ndi ndodo yotere kumaso, ndipo mano ake akutsogolo adaguluka.

Bala lidapola, koma mtima wake udakhala wosweka. Adaleka kuyenda ndi anzake, ndipo za ku Yale zidathera pomwepo. Nthawi yomweyo mayi ake ankadwala chifuwa chachikulu. Wilbur adakhala pakhomo zaka zitatu akuwadwazika. Akapeza mpata ankawerenga mabuku a bambo ake, a mbiri yakale, a sayansi ndi ena otero. Mayi ake adamwalira pa 4 Julayi 1889. Anthu oona ndi maso ankati mnyamatayu wataya zaka zake pachabe, koma m'zaka zimenezo ndi mmene adaphunzira kudziphunzitsa yekha.

Shopu ya njinga

Amene adamutulutsa m'nyumba ndi mng'ono wake. Orville adali atapanga makina osindikizira kuchokera ku zitsulo ndi matabwa otayidwa, ndipo m'chaka cha 1889 adayamba kusindikiza kanyuzipepala. Wilbur adakhala mkonzi wake. M'chaka cha 1892 awiriwa adatsegula shopu yokonza ndi kugulitsa njinga, ndipo pofika 1896 adayamba kupanga njinga zawozawo.

Njinga idawaphunzitsa zambiri. Idawaphunzitsa kupanga chinthu chopepuka koma cholimba, ndiponso kagwiritsidwe ntchito ka matcheni ndi masipoko. Koposa zonse idawaphunzitsa kuti chinthu chosakhazikika chingathe kuyenda bwino ngati wochikwera adziwa kuchiwongolera. Njinga ikasiyidwa yokha imagwa. Koma mwana akaiphunzira amayenda nayo osaganiza n'komwe, ndipo pokhota amapendekera kumene akukhotera.

Masiku amenewo ku Germany kudali munthu wotchuka dzina lake Otto Lilienthal. Iyeyu ankapanga mapiko ansalu, nathamanga nawo kuchokera pamwamba pa chitunda, nauluka motsetsereka ndi mphepo. Adauluka motero maulendo oposa 2,000. Powongolera mapikowo ankangosuntha thupi ndi miyendo yake. Mu Ogasiti 1896 mapiko ake adamukanika ali m'mwamba, adagwa, ndipo adamwalira m'mawa mwake. Wilbur atawerenga za imfayi adazindikira kuti kukwera m'mwamba sikokwanira. Chofunika kwambiri ndi kudziwa kuwongolera chouluka.

Mbalame, katoni ndi kaiti

Pa 30 Meyi 1899 Wilbur adalembera kalata bungwe la Smithsonian ku Washington, kupempha zolembedwa zonse zonena za kuuluka. Zitafika adaziwerenga mosamala. Adayambanso kupita kuthengo kukaonerera mbalame, makamaka miimba. Adaona kuti mphepo ikapendeketsa mbalame, iyo imapotoza pang'ono nsonga za mapiko ake, ina m'mwamba ina pansi, ndipo imawongoka.

Nanga mapiko a mitengo ndi nsalu angapotozedwe bwanji osathyoka? Yankho adalipeza m'shopu momwemo. Tsiku lina akucheza ndi munthu wogula, adali atagwira kakatoni kakatali momwe mudali chubu cha njinga. Mosaganizira adakapotoza ndi zala, mbali ina uku, ina uko. Adaona kuti kakatoniko kakupotoka koma kakadali kolimba. Pomwepo adazindikira kuti mapiko awiri, lina pamwamba lina pansi, angathe kupotozedwa chimodzimodzi.

Wilbur sadathamangire kupanga ndege yaikulu. Adakumbukira za mleme uja. Mu Julayi 1899 adapanga kaiti ya mapiko awiri, yotambalala mita imodzi ndi theka. Adamangako zingwe zinayi, nazilumikiza ku timitengo tiwiri timene adagwira m'manja. Adapita nayo pabwalo lina kunja kwa mzinda, ana asukulu akuonerera. Akapendeketsa timitengoto, mapiko ankapotoka, ndipo kaitiyo inkapendekera kumene iye wafuna. Munthu ali pansi adawongolera chinthu chili m'mwamba.

Ulendo wa ku Kitty Hawk

Tsopano idakwana nthawi yopanga ndege yopanda injini yoti inyamule munthu. Pankafunika malo a mphepo yamphamvu, opanda mitengo, ndiponso a mchenga wofewa kuti munthu akagwa asavulale. Wilbur adafunsa ofesi yoona za nyengo, ndipo adasankha Kitty Hawk, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja yamchere ya Atlantic, m'chigawo cha North Carolina.

Mu Seputembala 1900 adayenda pafupifupi sabata yathunthu, pa sitima yapamtunda ndi pa bwato, kuti akafike kumeneko. Adafikira kunyumba ya a William Tate. Panjira adalephera kupeza matabwa aatali monga adafunira, motero adayenera kuchepetsa mapiko. Adabwereka makina osokera kwa akazi a Tate, nasokanso nsalu yonse yekha pabwalo. Orville adamutsatira, ndipo awiriwa adagona m'tenti. Ndege yawo yoyambayo kawirikawiri ankaiulutsa ngati kaiti, akuyeza mphamvu ya mphepo. Pochoka adaisiya pamchenga, ndipo akazi a Tate adachotsa nsalu yake, nasokera ana awo aakazi madiresi.

M'chaka cha 1901 adabwereranso ndi ndege yokulirapo, ya mapiko otambalala pafupifupi mamita 7. Adamanga msasa pafupi ndi mapiri a mchenga otchedwa Kill Devil Hills. Chaka chimenechi chidali chowawa. Udzudzu udawaluma usana ndi usiku. Choipa koposa, ndegeyo sidachite monga masamu awo adanenera. Mphamvu ya mapiko yonyamula katundu idali gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a imene ankayembekeza. Nthawi zina Wilbur akafuna kukhotera kumanzere, ndege inkatembenukira kumanja. Pobwerera kwawo Wilbur adali wokhumudwa kwambiri, mwakuti adauza mng'ono wake kuti padzapita zaka zambirimbiri munthu asadauluke.

Bokosi la mphepo

Atafika ku Dayton adayamba kukayika manambala amene adawatenga m'mabuku a akatswiri. Adaganiza zoyeza okha chilichonse. Apanso adabwerera ku tinthu tating'ono.

Adakhoma bokosi lamatabwa lotalika pafupifupi mamita 2, lotsekuka mbali zonse ziwiri. Kumapeto kwina adaikako chikupizo choyendera injini ya m'shopu, kuti chizikankhira mphepo m'katimo. Pamwamba adaikapo galasi loonera. M'kati adaikamo timasikelo topangidwa ndi masipoko a njinga ndi timasowo takutha todulira zitsulo. Kenaka adadula timapiko tamalata, tating'ono ngati chikhatho cha munthu. Tina tidali tatitali, tina tatifupi, tina topindika kwambiri, tina topindika pang'ono. Adayesa timapiko pafupifupi 200, nalemba manambala a timene tidaoneka tofunika.

Idali ntchito yotopetsa, yongoyang'ana pagalasi tsiku ndi tsiku. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Timapiko tija tidawauza kuti phiko lalitali ndi lopapatiza, lopindika pang'ono, limanyamula bwino kuposa lalifupi ndi lotakata.

Ndege yawo ya 1902 idapangidwa potsata manambala awoawo. Mapiko ake adali otambalala pafupifupi mamita 10, ndipo idauluka monga masamu adanenera. Vuto la pokhota lidatsalabe. Orville adaganiza kuti mchira wa ndege uzitha kutembenuka ngati chiwongolero cha bwato. Wilbur adawonjeza kuti mchirawo ulumikizidwe ku mawaya opotoza mapiko, kuti ziziyenda pamodzi. Awiriwa ankakonda kutsutsana mokweza mawu, mwina mpaka aliyense kutenga maganizo a mnzake, koma sankadana. Mutu umodzi susenza denga.

Tsopano ankatha kuchita zinthu zitatu zofunika: kukweza kapena kutsitsa mutu wa ndege, kuipendeketsa, ndi kuikhotetsa. Chaka chimenecho adauluka maulendo oposa 700, ndipo ulendo wautali koposa udali wa mamita 190.

Tsiku la 17 Disembala 1903

Chidatsala ndi injini. Makampani a magalimoto amene adawalembera makalata sadathe kuwapatsa injini yopepuka monga ankafunira. Motero Charlie Taylor, makaniko wa m'shopu yawo, adaipanga m'masabata 6 okha. Zikupizo ziwiri zokankha mphepo adazisema okha ndi manja, atazindikira kuti chikupizo ndi phiko lomwe, koma lozungulira. Adazilumikiza ku injini ndi matcheni onga a njinga. Ndege yonse idali ya mapiko otambalala mamita 12, yolemera makilogalamu 274. Idalibe mateyala. Ponyamuka inkatsetsereka pa kanjanji kamatabwa. Woyendetsa ankagona chafufumimba pa phiko lapansi, ndipo akasuntha chiuno, mawaya ankapotoza mapiko.

Masiku omwewo munthu wina wophunzira kwambiri ankayesanso. Iyeyu adali Samuel Langley, mkulu wa bungwe la Smithsonian lija. M'chaka cha 1896 kandege kake kopanda munthu kadauluka pafupifupi kilomita imodzi. Boma lidamupatsa madola 50,000 kuti apange ndege yaikulu yonga kameneko. Koma yaikuluyo idagwera mumtsinje wa Potomac kawiri, pa 7 Okutobala ndi pa 8 Disembala 1903. Woyendetsa adapulumuka, ndipo nyuzipepala zidaseka onse ofuna kuuluka. Ndege ya abale awiri aja sidadye ngakhale madola 1,000, ndipo ndalamazo zidachokera m'shopu ya njinga.

Pa 14 Disembala adaponya ndalama yachitsulo m'mwamba kuti aone woyamba kukwera, ndipo mwayi udagwera Wilbur. Iye adakweza mutu wa ndege mopitirira, ndipo idagwa patangotha masekondi ochepa. Adaikonza masiku awiri.

M'mawa wa pa 17 Disembala kudali chisanu ndi mphepo yamphamvu. Padabwera anthu 5 okha odzathandiza ndi kuonerera. Nthawi itakwana 10:35 Orville adagona pa phiko, injini ikulira. Wilbur adathamanga pambali atagwira nsonga ya phiko. Ndege idanyamuka, idauluka masekondi 12, nitera pa mtunda wa mamita 37, wosafika ngakhale theka la bwalo la mpira. Mmodzi mwa oonerera, John Daniels, adajambula chithunzi chimene chidatchuka pa dziko lonse.

Adasinthana kukwera mpaka maulendo anayi. Pa ulendo wachinayi Wilbur adauluka masekondi 59, mtunda wa mamita 260. Pambuyo pake mphepo idagubuduza ndegeyo ili pansi, niiphwanya, ndipo sidaulukenso. Madzulo adatumiza uthenga wa palamya kwa bambo awo.

Dziko likhulupirira

Nyuzipepala zambiri sizidalabadire nkhaniyi. Abalewa adapitiriza ntchito yawo mwakachetechete pa dambo lodyetserapo ng'ombe lotchedwa Huffman Prairie, pafupi ndi Dayton. Adagwa kambirimbiri, nakonza, nayesanso. Pa 20 Seputembala 1904 Wilbur adauluka mozungulira mpaka kubwerera pamene adanyamukira. Pa 5 Okutobala 1905 adazungulira damboli kwa mphindi 39, nauluka makilomita 39, mtunda woposa wochokera m'tauni ya Lilongwe kukafika ku Nathenje. Adatera chifukwa petulo adatha.

Ngakhale zidali choncho, anthu ambiri ku Ulaya ankati abalewa ndi abodza. M'chaka cha 1908 Wilbur adapita ku France. Atatsegula mabokosi a ndege yake adapeza zambiri zitathyoka, ndipo adatha masabata angapo akuimanganso. Pa 8 Ogasiti 1908, pabwalo la mjaha wa akavalo pafupi ndi mzinda wa Le Mans, adauluka kwa mphindi zosakwana ziwiri. Anthu adaona ndege ikupendekera ndi kukhota mosavuta ngati mbalame. Amene ankamunyoza adavomera kuti adalakwa. Pa 31 Disembala chaka chomwecho adakhala m'mwamba maola oposa awiri.

Kutchuka sikudamusinthe Wilbur. Adali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula. Sankamwa mowa kapena kusuta fodya, ndipo sankauluka Lamulungu. Ku France ankagona m'shedi pambali pa ndege yake, ndipo asadanyamuke ankayang'ana yekha waya aliyense. Ankadziwa kuti ntchitoyi ndi yoopsa. Pa 17 Seputembala 1908 ndege ya Orville idagwa ku Fort Myer ku America. Msilikali amene adakwera naye, Thomas Selfridge, adamwalira, ndipo Orville adavulala kwambiri. Katharine adasiya ntchito yake yauphunzitsi kuti akamudwazike.

Abalewa adali atalonjeza bambo awo kuti sadzakwera ndege imodzi onse awiri, kuopa kuti angafere limodzi. Kamodzi kokha, pa 25 Meyi 1910, bambo awo adawalola, ndipo adauluka pamodzi mphindi 6. Tsiku lomwelo nkhalambayo, ili ndi zaka zoposa 80, idakwera ndege ndi Orville.

Imfa yake

M'chaka cha 1909 abalewa adayambitsa kampani yopanga ndege. Zaka zotsatira Wilbur adazithera m'makhoti, kuzenga milandu ndi anthu amene ankagwiritsa ntchito nzeru zawo popanda chilolezo. Milanduyi idamutopetsa, ndipo idamulanda nthawi yopanga zinthu zatsopano. M'chaka cha 1912 adadwala taifodi, matenda obwera ndi madzi kapena chakudya chosasamalika. Adamwalira ku Dayton pa 30 Meyi 1912 ali ndi zaka 45. Iye sadakwatire. Orville adakhala ndi moyo mpaka 1948, ndipo chaka chomwecho ndege ya 1903 ija, itakonzedwa, idaikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington.

Zimene adasiya

Ndege za masiku ano sizipotoza phiko lonse. Zili ndi timapiko tosuntha kumbuyo kwa mapiko aakulu. Komabe woyendetsa aliyense amachita zinthu zitatu zomwe zija: kukweza kapena kutsitsa mutu, kupendeketsa, ndi kukhotetsa. M'chaka cha 1969 Neil Armstrong, amene adabadwira ku Ohio, adatenga kansalu ka ndege ya 1903 popita kumwezi. M'chaka cha 2021 kansalu kena kadauluka pa dziko la Mars, katamangiriridwa ku kahelikopita kakang'ono kotchedwa Ingenuity.

Luso lopanga tindege tating'ono nalonso lidapita patsogolo. M'maiko ambiri anthu amapanga tindege ndi makatoni opepuka okhala ndi thovu louma pakati, longa limene amatchinjirizira wailesi yatsopano m'bokosi. Amadula mapiko ndi mpeni, namata ndi guluu, naikamo kainjini ka batire. Mwini wake amaima pansi atagwira kawailesi ka timitengo tiwiri, monga Wilbur adagwirira timitengo ta kaiti yake. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mwa zingwe, uthenga umayenda mumphepo. Wopanga kandege kakakulu amayenerabe kuyeza kulemera kwake ndi kukula kwa mapiko ake.

Ku Malawi nako luso limeneli lidafika. M'chaka cha 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF adatsegula malo oyesera tindege topanda munthu m'kati ku Kasungu. Chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi akatswiri a sukulu ya Virginia Tech ya ku America, adamanga tindege ta makatoni otere totchedwa EcoSoar. Kamodzi kadauluka makilomita 19 mpaka pa bwalo la ndege la Kasungu, poyesa njira yotumizira zinthu za kuchipatala mofulumira. M'chaka cha 2020 sukulu yophunzitsa luso limeneli, ya African Drone and Data Academy, idatsegulidwa ku Lilongwe.

Wilbur Wright adalibe chuma, ndipo sadapite ku sukulu ya ukachenjede. Adali ndi maso oyang'anitsitsa, manja odziwa ntchito ndi mtima wopirira. Chachikulu chikakanika ankabwerera ku chaching'ono, nayeza, nalemba, nayesanso. Mwana wa ku Malingunde amene kandege kake ka mapesi kagwa, nakatola kuti aone chimene chalakwika, wayamba pamene Wilbur adayambira.

Matanthauzo a mawu

chikupizo: chipangizo chozungulira chokankha mphepo
kuphiriphitha: kugwedezeka mofulumira monga mbalame yogwidwa
kudwazika: kusamalira munthu wodwala
chafufumimba: kugona mimba ili pansi
miimba: mbalame zikuluzikulu zodya nyama yakufa

Mafunso

1. Kodi Wilbur Wright adabadwa liti, ndipo adabadwira kuti?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene adapangira kachidole kamene a Milton adabweretsa.
3. Chifukwa chiyani zidole zazikulu zimene anyamatawo adapanga sizidauluke bwino?
4. Kodi Wilbur adaphunzira chiyani kwa njinga ndi kwa miimba?
5. Perekani zifukwa ziwiri zimene adasankhira Kitty Hawk.
6. Fotokozani ntchito ya bokosi la mphepo.
7. Ndani adauluka ulendo wautali koposa pa 17 Disembala 1903?
8. Kodi mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Ntchito

Khalani m'magulu. Pindani tindege tiwiri tamapepala, kena kakang'ono, kena kakakulu. Tiulutseni pabwalo, ndipo yezani ndi mapazi mtunda umene kalikonse kauluka. Kenaka pindirani m'mwamba nsonga ya phiko limodzi, muulutsenso. Lembani m'makope mwanu zimene mwaona.